Britain itatuluka mu EU: ufulu umene unasanduka chilolezo

Taganizirani anthu awiri a ku Poland opita kukakhala ku London. Wina anatsika ndege pa 30 Disembala 2020, mnzake pa 2 Januwale 2021. Anasiyana masiku atatu okha, koma lamulo siliwaona mofanana mpaka lero. Woyambayo anali ndi njira yokhazikika ku Britain moyo wake wonse. Wachiwiriyo ndi mlendo: angacheze miyezi isanu ndi umodzi, koma kulembedwa ntchito popanda visa ayi.

Britain inalowa m'bungwe la mayiko a ku Ulaya mu 1973. Pa riferendamu ya pa 23 Juni 2016, anthu pafupifupi 52 mwa 100 aliwonse anavotera zotulukamo. Dzikolo linatulukadi mu European Union pa 31 Januwale 2020, koma malamulo akale anapitirira kugwira ntchito mpaka chaka chimenecho chitatha. Mu EU, nzika ya dziko limodzi imatha kukakhala, kukagwira ntchito kapena kukaphunzira m'dziko lina la bungweli osagogoda pakhomo la ofesi yoona za olowa ndi otuluka. Ufulu umenewu sunali chifundo cha dziko lolandira alendo. Unkachokera ku umembala, ndipo umembala utatha unapita nawo.

Vuto linali anthu mamiliyoni amene anali atamanga kale mabanja kutsidya. Pangano lolekanirana linawateteza, koma linaika malire pa 31 Disembala 2020: amene tsikuli linamupeza akukhala m'dzikomo ndiye wotetezedwa. Ku Britain chitetezocho sichinabwere chokha. Aliyense anayenera kuchipempha kudzera mu EU Settlement Scheme pofika pa 30 Juni 2021, ndipo mapempho anapitirira 6 miliyoni. Amene anasonyeza kuti wakhalamo zaka zisanu zotsatizana analandira chilolezo chokhazikika. Amene zaka zake zinali zisanakwane analandira chongoyembekezera.

Apa ndi pamene ndondomekoyi inaluma. Chilolezocho sichinali pepala kapena khadi loika m'thumba. Chimakhala pa intaneti, ndipo bwana wa ntchito kapena mwini nyumba ya lendi amachiona mwini wake akamupatsa nambala yapadera. Kwa wachinyamata wozolowera foni si nkhani. Koma agogo a ku Italy amene anabwera kalekale, nalerera ana ndi zidzukulu ku Britain, n'chifukwa chiyani akanaganiza kuti ayenera kupempha malo m'nyumba yawo yomwe? Boma limalandirabe mapempho ochedwa ngati pali chifukwa chomveka. Ndipo mu Disembala 2022 khothi lalikulu ku London linagamula kuti munthu wa chilolezo chongoyembekezera asataye ufulu wake chifukwa chongolephera kupemphanso kachiwiri.

Nzika za Britain zokhala ku Ulaya zinatetezedwanso, koma dziko lililonse linachita mwa njira yake. France inalamula kuti aliyense apemphe khadi latsopano, pomwe Spain inati ufuluwo ulipo kale ndipo khadi ndi umboni chabe. Chimene ambiri anachizindikira mochedwa n'choti chitetezocho chinamangidwa pa dziko limodzi ngati mbuzi pachikhomo. Mngelezi wokhala ku France angakhale kumeneko mpaka imfa, koma akapeza ntchito ku Germany amakayambira pamzere wa alendo.

Kwa a pasipoti ya Britain ongoyenda, lamulo lalikulu ndi la masiku 90 mwa masiku 180 aliwonse m'mayiko a Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene anachotsa zipata pamalire a pakati pawo. Visa sifunika, koma kawerengedwe kake kamasokoneza. Masikuwo sayambiranso mukadumpha malire kuchoka ku Spain kulowa ku Portugal, chifukwa mayiko onsewo amawerengedwa ngati bwalo limodzi. Sayambiranso pa Januwale. Tsiku lililonse wapachipata amayang'ana m'mbuyo masiku 180 n'kuwerenga amene munali m'kati. Opuma pantchito amene anagula nyumba m'mphepete mwa nyanja ku Spain, n'kumathawirako nyengo yonse yozizira, anangoona kuti nyumba ndi yawo koma masiku ogonamo ndi owerengeka. Pasipoti nayo iyenera kukhala yosapitirira zaka khumi chiitulutsireni, ndipo ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lonyamuka kubwerera. Kuyambira mu Okutobala 2025 mayikowa anayamba kujambula nkhope ndi zala za alendo m'malo modalira chidindo. Britain nayo inasiya kulandira zitupa za unzika za alendo ambiri a EU mu Okutobala 2021, ndipo kuyambira Epulo 2025 imafuna kuti apemphe chilolezo cha ETA pa intaneti asananyamuke.

Ireland yokha ndiyo inatsala pakhomo losatseka. Mgwirizano wake ndi Britain pa za maulendo unayamba m'ma 1920, EU isanabadwe, choncho sunagwe Britain itatuluka mu EU. Komanso pangano la mtendere la 1998 linatsimikiza kuti anthu a ku Northern Ireland angasankhe kukhala nzika ya Ireland, ya Britain kapena zonse ziwiri. Wotenga pasipoti ya Ireland ku Belfast akadali nzika ya EU, pomwe mnansi wake wa pasipoti ya Britain yokha akuwerenga masiku 90.

Nanga Mmalawi wokhala ku Leeds kapena Glasgow? Ngati ali ndi pasipoti ya Malawi, ulendo wa ku Paris sunasinthe kwenikweni: Britain sinalowepo mu Schengen, ndiye visa ya Britain payokha sinkamulowetsa ku France ngakhale kale. Amene anataya ndi uja anatenga unzika wa Britain, poti pasipoti yake inkamulola kukagwira ntchito ku Amsterdam osapempha. Pa za ntchito ku Britain komweko, kuyambira pa 1 Januwale 2021 namwino wochokera ku Warsaw ndi wochokera ku Lilongwe amapempha visa yofanana, ndipo onse amafunika bwana wovomerezeka ndi boma woti awaitane.