Zithunzi Zojambulidwa ndi Kuwala, Popanda Kamera

Pa tsiku la msika ku Nsaru kapena ku Mpingu sipasowa mnyamata wokweza foni m'mwamba kuti atole chithunzi cha mnzake. Chifukwa cha ichi ana athu akula ndi ganizo lakuti chithunzi chimabadwira m'makina, ndi kuti wosowa makinawo alibe gawo pa nzeru zotere. Mphunzitsi ayenera kuzula ganizo limeneli msanga, pakuti mwana wokhulupirira kuti nzeru imagulidwa kusitolo amaleka kufunsa mafunso. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti mmisiri weniweni wojambula ndiko kuwala, ndipo kamera ndi mtumiki chabe.

Umboni wa chinenero chathu

Tiyambe ndi mau atatu apachibale: mthunzi, chithunzithunzi ndi chithunzi. Mthunzi ndiwo malo ozizira patsinde pa mtengo, pamene timapumulira pochokera kumunda. Chithunzithunzi ndicho chakuda chija chotsata munthu poyenda padzuwa, chachitali m'mawa ndi chachifupi masana. Tsono pamene makolo athu anaona nkhope ya munthu papepala, sanabwereke dzina kwa alendo, koma anatenga tsinde lomweli, nati chithunzi. Anatchula bwino koposa, pakuti zina mwa zithunzi zoyamba pa dziko lapansi zinali zithunzithunzi za masamba zogwidwa papepala.

Taonaninso zimene zimachitika pakhomo. Nsalu yoiwalika pachingwe masiku ambiri imasuluka kunja, koma mkati mopindika mtundu umatsala. Dzuwa lasintha pamene linafika, lasiya pamene linatsekerezedwa. Nzeru yonse ya nkhani ino yagona pamenepa.

M'mene anthu anagwirira chithunzithunzi

M'chaka cha 1802, ku Mangalande, Humphry Davy anafalitsa mbiri ya ntchito ya mnzake Thomas Wedgwood. Iye ankapaka mchere wa siliva papepala kapena pachikopa choyera, naikapo tsamba kapena phiko la kachilombo, naturutsa padzuwa. Ponse pamene kuwala kunafika pankada, koma pansi pa tsamba pankatsala poyera. Vuto linali limodzi: pofuna kuonetsa anthu chithunzicho, kuwala komweko kunkadetsa pepala lonse, kotero ankachiyang'ana mofulumira ndi kandulo.

William Henry Fox Talbot anayambanso ntchitoyi m'chaka cha 1834 kwao ku Lacock, napeza kuti madzi a mchere wambiri amachepetsa kuda kwa pepala. Mu 1839 John Herschel anaonetsa mankhwala otchedwa hypo, otsuka siliva yense amene kuwala sikunamkhudze. Pamenepo chithunzi chinakhazikika. Herschel yemweyo mu 1842 anapeza njira ina yotchedwa cyanotype, ya michere iwiri ya chitsulo. M'njira imeneyi pamene pafika dzuwa pamasanduka mtundu wa thambo wakuya, ndipo chotsukira chake ndi madzi wamba. Amisiri omanga anaigwiritsa ntchito zaka zambiri pochulukitsa mapulani a nyumba.

Mai wina wodziwa za zomera, Anna Atkins, anaitenga njirayi nayamba kugoneka ndere za m'nyanja papepala, chimodzichimodzi. Mu 1843 anayamba kuturutsa buku la ndere za ku Britain, limene ambiri amaliyesa buku loyamba kukhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi kuwala. M'menemo mulibe chithunzi ngakhale chimodzi cha kamera. Chomera chili chonse chinakhudza pepala chokha, ndipo msinkhu wake papepalapo ndi womwewo umene chinali nawo.

Chifukwa ninji amisiri abwereranso kumeneko?

Kamera itafala, njira imeneyi inaoneka ngati yachikale. Koma cha m'ma 1922 Man Ray ku Paris ndi László Moholy-Nagy ku Berlin anaidzutsa, akumaika magalasi, mawaya ndi ziwiya zina papepala lomva kuwala m'chipinda chamdima. Sanafune kuonetsa chinthu monga maso amachionera, koma monga kuwala kumachipyozera kapena kuchilambalala.

Masiku athu ano nyumba zoonetsera zaluso, ndi za masukulu a ukachenjede zomwe, zimasonkhanitsa ntchito zotere. Kuyambira mu Okutobala 2010 kufikira mu Febuluwale 2011, nyumba ya Victoria and Albert ku London inaonetsa ntchito za amisiri asanu osagwira kamera. Floris Neusüss ankagoneka munthu wathunthu papepala lalikulu. Susan Derges ankamiza pepala usiku mumtsinje wa Taw, nawalitsa kamodzi ngati mphezi, kuti mafunde adzijambule okha. Pierre Cordier ankajambula ndi mankhwala eni ake, njira imene anaiyamba mu 1956. Mu 2023 nyumba ya mabuku ya Bodleian, ya sukulu ya ukachenjede ya Oxford, inaonetsanso chuma cha Talbot chimene imasunga.

Kodi chimakoka anthu ophunzira kwambiri chotere nchiyani? Kamera imaima patali, ndipo imachepetsa phiri kuti likwane m'dzanja. Chithunzi chopanda kamera chifanana ndi phazi la nyama pamatope: chimachitira umboni kuti chinthucho chinalipo, chinakhudza pamalo pomwepo. Ndiponso kawirikawiri chimakhala chimodzi chokha, chopanda chinzake.

Ife kuno sitili alendo pa zimenezi. Amene anaperekezapo wodwala wothyoka mkono kukaunikidwa, monga ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene chinatsegulidwa mu 1959, anaona chithunzi cha mtundu womwewu. Wilhelm Röntgen anapeza cheza cha X-ray mu 1895 ku Würzburg, najambula nacho dzanja la mkazi wake, mphete ili kuchala. Chezacho chimapyola mnofu koma chimatsekerezedwa ndi fupa. Chifukwa chake fupa limaoneka loyera, monga tsamba la Wedgwood lija.

Phunziro la m'kalasi mwanu

Mankhwala a siliva ngodula ndipo sayenera manja a ana. Koma Herschel anayesanso madzi a maluwa ndi masamba, ndipo njira imeneyo ingatheke pa sukulu iri yonse ya ku Kabudula kapena ku Nambuma. Nyengo yabwino ndi chilimwe, kuyambira Ogasiti kufikira Okutobala, pamene mitambo ili yosowa ndipo ndiwo zamasamba zili kudimba.

1. Sinjani masamba a mpiru, bonongwe kapena kholowa mumtondo, muthire madzi pang'ono, musefe ndi kansalu.
2. Pakani madziwo papepala loyera lokhuthala, muumitse m'nyumba mwamdima. Bwerezani kawiri kapena katatu kuti mtundu ugwire.
3. Ikani papepalapo tsamba la chinangwa, nthenga ya nkhanga kapena zilembo zodula pakatoni. Vundikirani ndi galasi losweka la zenera, limene inu nokha muligwire, kuti mphepo isasunthe kanthu.
4. Siyani padzuwa. Zobiriwira zimasuluka tsiku limodzi kapena awiri. Madzi ofiira a chidede amafuna masiku ochuluka.

Pochotsa tsamba, ana adzaona maonekedwe ake atatsala obiriwira pakati pa pepala losuluka. Apa musafulumire kulongosola. Afunseni: Chajambula ndani? Nanga bwanji pansi pa tsamba sipanasinthe? Wina akati ndi kutentha, musamtsutse. Ikani pepala lina pamalo otentha koma amdima, pafupi ndi moto wa kukhitchini, ndipo ana aweruze okha. Afotokozereninso kusiyana kwake ndi njira ya siliva: kuja kuwala kumadetsa, kuno kumasulutsa. Mwana wosapirira mumkumbutse kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Dziwani kuti chithunzi chotere sichikhazikika. Mukachipachika pakhoma chidzafafanizika chonse, pakuti dzuwa silidziwa kuti ntchito yatha. Chisungeni m'kati mwa buku. Koma chimodzi muchisiye dala pazenera, kuti ana akomane ndi vuto lomwe lija linasautsa Wedgwood, ndi kumvetsa chifukwa chake timati zithunzi zimatsukidwa.

Potsiriza, konzani chionetsero chanu. Ana alembe pansi pa chithunzi chili chonse dzina la chomeracho m'Chichewa, atafunsa agogo awo, pamodzi ndi malo amene chimamera ndi ntchito yake. Itanani makolo ndi anyakwawa tsiku lotsekera sukulu. Pa phunziro limodzi mudzakhala mutaphunzitsa za kuwala, za zomera ndi za chinenero, ndipo maina a zitsamba amene akuiwalika adzalembedwa ndi manja a adzukulu.