Galimoto ikasanduka chipinda chogona, matiresi ake ndi ati?

Si onse ofika m'boma la Chitipa pa galimoto amene amakagona kumalo ogona alendo. Ambiri, galimoto imene abwera nayoyo ndiyo nyumba yawo usiku umenewo.

Ena ndi madalaivala a malole amene apeza zipata za m'malire zitatsekedwa polowera ku Nakonde m'dziko la Zambia kapena ku Isongole m'dziko la Tanzania. Ena ndi amalonda odzagula nyemba, chimanga ndi mpendadzuwa, omwe sangalole kutalikirana ndi matumba awo ngakhale kwa ola limodzi. Palinso makondakitala amene amagona m'minibasi kuti ailondere, komanso alendo odzaona dziko omwe amayenda pa galimoto zokhala ndi bedi ndi pophikira m'kati, zija amati campervan.

Anthu onsewa vuto lawo ndi limodzi: kugona pa chitsulo, pamalo opanikizika, kudera lozizira. Ambiri amangotola kasiponji kakutha kunyumba n'kuponya m'galimoto. Kukacha amadzuka msana uli gwa, mutu ukulemera, kenaka n'kugwira chiwongolero.

Dera lake ndi lotani

Chitipa, yomwe kale inkatchedwa Fort Hill, ili pamalo okwera mamita oposa 1,200. Mapiri a Misuku ndi Mafinga ndi okwera kuposa apo, ndipo ku Nyika, komwe mbali yake ina ili m'bomali, nsonga ya Nganda imafika mamita pafupifupi 2,600. M'miyezi ya June ndi July kumtundaku kumazizira koopsa, moti pa Nyika udzu umadzuka utayera ndi chisanu.

Miyezi yomweyi ndiyo ya malonda a zokolola komanso yothyola khofi ku Misuku. Choncho nthawi imene anthu ambiri amagona m'galimoto ndi yomwenso usiku umakhala wozizira kwambiri.

Kale msewu wa Karonga-Chitipa unali wafumbi ndipo m'dzinja galimoto zinkatitimira n'kugona panjira. Msewuwu, womwe ndi wautali makilomita 101, unaikidwa phula ndi thandizo la dziko la China, Malawi atakhazikitsa ubale ndi dzikolo kumapeto kwa chaka cha 2007. Koma wopatukira ku Wenya, Nthalire mpaka kukalowa ku Nyika pa chipata cha Kaperekezi amakumanabe ndi fumbi, mabampu ndi zitunda. Galimoto ikawonongekera kumeneko, pogona pake ndi pomwepo.

Kuyamba ndi tepi

Cholakwika choyamba chimene ambiri amachita ndi kupita kusitolo asanayeze malo ogonapo. Matiresi a m'sitolo amapangidwira bedi lakunyumba. A munthu mmodzi amakhala pafupifupi masentimita 90 m'lifupi ndi 190 m'litali, pamene a anthu awiri amafika masentimita 137 m'lifupi.

M'galimoto zinthu sizili choncho. Kabedi ka kuseri kwa mipando ya lole kawirikawiri kamakhala kochepa m'lifupi poyerekeza ndi bedi lakunyumba. Kumbuyo kwa pikiapu ndi minibasi kumakhala zitunda ziwiri zophimba matayala, ndipo matiresi akakwera pamenepo amapindika ngati bwato. Wogonayo amagubuduzikira pakati usiku wonse.

Nzeru yake ndi kuyeza m'litali, m'lifupi pakati pa zitunda za matayala, komanso kuchokera pogona kukafika kudenga. Amene amakonza ma campervan kunja amayamba ajambula maonekedwe a malowo pa katoni, n'kudula siponji motsatira katoniyo. Siponji imadulika bwino ndi mpeni wautali wakuthwa, ndipo telala wa pakhonde atha kuisokera nsalu yokhala ndi zipi kuti izichapidwa.

Ambiri amakonda kuidula zidutswa zitatu zolumikizidwa ndi nsalu kuti masana izipindidwa, malo n'kutsalira katundu. Matiresi a masipuling'i sadulika, ndi olemera, ndipo akamanyowa waya wake amachita dzimbiri. Amenewo ndi a kuchipinda.

Kukhuthala si kulimba

Pamsika maso amathamangira matiresi okhuthala, a nsalu yamaluwa yonyezimira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Matiresi a mainchesi 8 atha kuphwa miyezi yochepa, pomwe a mainchesi 4 n'kukhala zaka.

Chinsinsi chili pa kuthinana kwa siponji, komwe opanga amati density. Iyi ndi nambala yonena makilogalamu amene siponji yotalika mita imodzi mbali zonse ingalemere. Siponji ya nambala yotsika, monga 16 kapena 18, imakhala ndi mphepo yambiri m'kati ndipo timabowo take timaphwanyika msanga. Ya nambala 25 kupita m'tsogolo imapirira kulemera kwa munthu wamkulu kwa nthawi yaitali.

Matiresi ambiri ogulitsidwa m'misika, kaya opangidwa m'dziko muno kaya olowa kuchokera ku Tanzania, amalembedwa mawu akuti high density. Koma mawu okha popanda nambala sathandiza. Wamalonda wa mbewu ali ndi mwayi chifukwa sikelo amayenda nayo kale. Matiresi a munthu mmodzi a mainchesi 4, ngati siponji yake ndi ya nambala 18, amalemera pafupifupi makilogalamu 3. Ngati ndi ya nambala 28, amayandikira makilogalamu 5. Pa matiresi awiri ofanana kukula, olemerawo ndiwo adzakhalitse.

M'galimoto, mainchesi 4 kapena 5 a siponji yothinana ndi okwanira kwa anthu ambiri. Kupitirira apo ndi kudziphera malo, chifukwa inchi iliyonse yowonjezera imayandikizitsa mutu kudenga. Munthu wojintcha angachite bwino kuika siponji yolimba pansi ndi ina yofewa ya inchi imodzi kapena awiri pamwamba.

Msana umafuna chiyani

Pali chikhulupiriro chakuti wodwala msana azigona polimba ngati thabwa. Madokotala a ku Spain anafufuza nkhaniyi pa anthu 313 omwe ankavutika ndi msana kwa nthawi yaitali, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2003. Patatha masiku 90, amene anapatsidwa matiresi olimba mwapakatikati ndi omwe anapezako bwino kusiyana ndi amene anagona pa olimba kwambiri.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pofewa kwambiri chiuno chimamira ndipo msana umapindika. Polimba kwambiri phewa ndi chiuno zimasenza thupi lonse, munthu n'kumangotembenuka. Dalaivala amene wakhala pampando tsiku lonse akugwedezeka ndi mabampu amafika pogona msana utatopa kale, ndiye matiresi asamuwonjezere ntchito.

Kuyesa kwake si kwa kudina ndi chala ayi. Wogula apemphe kuti matiresiwo ayalidwe pansi polimba, chifukwa m'galimoto pansi pake padzakhalanso polimba. Agonepo mmene amagonera masiku onse kwa mphindi 10 kapena kuposerapo. Akagona cham'mbali chiuno n'kumva simenti, matiresiwo ndi opepera. Akagona chagada dzanja n'kumalowa mosavuta pansi pa msana cha m'chiuno, ndiye kuti alimbitsa. Akadzuka, siponji yabwino imabwerera msanga osasiya dzenje.

Wogulitsa amene akukana kuti katundu wake ayesedwe, kapena kuti zipi itsegulidwe wogula aone siponji ya m'kati, ali ndi chimene akubisa. Safunsa anadya phula.

Mdani ali kunsi

Chimene chimapha matiresi ambiri a m'galimoto si kulemera kwa munthu koma chinyezi. Munthu akagona amatulutsa madzi kudzera m'thukuta ndi m'mpweya. Chinyezicho chimadutsa m'siponji n'kukafika pa chitsulo chozizira, pomwe chimasanduka madzi monga amachitira mame pa malata m'mawa.

N'chifukwa chake munthu amene wagona ku Misuku kapena ku Nthalire m'mwezi wa June, akatukula matiresi m'mawa amapeza kunsi kwanyowa ngakhale mvula sinagwe. Zikachitika masiku angapo, kunsiko kumada ndi chuku, fungo limayamba, ndipo amene ali ndi mphumu kapena chifuwa amavutika.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo: matiresi asakhudze chitsulo. Timatabwa toyalidwa motalikirana pang'ono timalola mphepo kudutsa kunsi. Popanda matabwa, mphasa ya bango kapena nsungwi zong'alula zimathandiza. M'mawa uliwonse matiresiwo aimikidwe cham'mbali, ndipo kukakhala dzuwa ayanikidwe.

Mabanja ambiri sachotsa pulasitiki imene matiresi atsopano amabwera nayo, poganiza kuti akuwateteza. Pulasitikiyo imachititsa thukuta, ndipo ikangong'ambika pang'ono chinyezi chimalowa osatulukanso. Ndi bwino kuichotsa, matiresiwo n'kuwasiya pamphepo masiku angapo kuti fungo la kufakitale lithe.

Mitundu ina

Alendo ochokera kunja amabwera ndi mitundu ina imene tsopano ikupezekanso m'masitolo a m'mizinda ndi pa kaunjika. Wina ndi memory foam, siponji yomwe inayambira ku bungwe la NASA ku America m'zaka za m'ma 1960. Imatsatira maonekedwe a thupi, koma imadalira kutentha. Kukazizira imauma, moti pa Nyika usiku wa July munthu amayamba wagona ngati pa njerwa mpaka thupi lake liifewetse. Kunyanja ku Karonga, komwe n'kotentha, imasunga kutentha ndipo munthu amasamba thukuta.

Matiresi opopa amasunga malo chifukwa akaphwetsedwa amalowa m'kachikwama. Koma mphepo ya m'katimo imazizira n'kumakoka kutentha kwa thupi, choncho kumalo ozizira amafuna bulangete kunsi ndi pamwamba. Komanso m'lole yonyamula matumba simusowa waya kapena msomali, ndipo kabowo kamodzi n'kokwanira kumutsitsira munthu pa chitsulo pakati pa usiku.

Matiresi ogwiritsidwapo kale ntchito amakopa ndi mtengo. Asanaperekedwe ndalama, ayang'anidwe m'misoko ndi m'makona. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, zomwe zimatha miyezi osadya kanthu. Zikalowa m'mipando ya galimoto sizituluka wamba, ndipo tsiku lina zimafika kunyumba m'chikwama cha zovala.

Zimene zimapha

Kuzizira kukavuta, ena amalowetsa mbaula m'galimoto n'kutseka mawindo, ena amasiya injini ikulira. Zonsezi n'kuputa imfa. Makala ndi utsi wa injini zimatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, umene suoneka komanso sununkha. Munthu amangomva tulo tokoma, osadzukanso. Chofunda chenicheni ndi mabulangete, chipewa ndi masokosi, ndipo zenera lizikhala lotsegula pang'ono.

Siponji nayo imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. Kandulo, ndudu ndi mankhwala ofukiza a udzudzu zisayandikire pogona. Udzudzu, makamaka kwa ogona kumunsi ku Karonga, mankhwala ake ndi neti yomangirira kudenga la galimoto n'kupisira m'mphepete mwa matiresi.

Poimika galimoto pakhale posatsetsereka. Ngati malo otero palibe, mutu uloze kumtunda ndipo matayala atchingidwe ndi miyala. Makolo adziwenso kuti khanda siliyenera kugonekedwa pa siponji yofewa kwambiri chifukwa litha kubanika, ndipo ana asamagone pa matiresi kumbuyo kwa galimoto ikuyenda.

Tulo ndi chiwongolero

Wina angaone ngati nkhani ya matiresi ndi ya anthu okonda zofewa. Koma akatswiri a zaumoyo amati munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Kafukufuku wa ku Australia amene anatuluka m'magazini ya Nature m'chaka cha 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachedwa kuchita zinthu mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene maiko ambiri salola munthu kuyendetsa nawo galimoto.

Dalaivala amene wachezera kutembenuka pa kasiponji kakutha amadzuka ndi ngongole ya tulo. Ngongoleyo amakaibweza pamsewu, mwina pa makona otsetsereka opita ku Karonga, lole itadzaza matumba ndipo minibasi ya anthu ikubwera kutsogolo.

Apa eni galimoto ali ndi mbali yawo. Amagula matayala, mafuta ndi batire chifukwa amadziwa kuti popanda zimenezi galimoto siyenda, koma pogona pa dalaivala amamusiyira yekha kuti aone chochita. Mtengo wa matiresi abwino a munthu mmodzi sufika pa mtengo wa tayala limodzi la lole.

Amayi nawonso, amene nthawi zambiri ndiwo amalongedza katundu wa bambo aulendo, asamasankhe matiresi amene ana asiya kugonera. Oyenera ulendo ndi oyezedwa bwino, olemera m'manja, olimba mwapakatikati, ndipo apite limodzi ndi mphasa yoyala kunsi kwake. Amene wagona bwino usiku ndi amene amafika kwawo ndi katundu, galimoto ndi moyo wake.