Uthenga wa maliro unkafika patatha miyezi

Inu mukatumiza uthenga pa WhatsApp n'kukhala mphindi khumi osayankhidwa, mtima umayamba kale kuthamanga, eti? Ndiye tamvani za banja la Adams la ku America.

Mu 1809, John Quincy Adams anapita ku St Petersburg kukakhala kazembe wa America ku Russia. Makolo ake, Abigail ndi John Adams, yemwe anali pulezidenti wachiwiri wa dzikolo, anatsala ku Quincy, ku Massachusetts. Makalata ankayenda pa sitima za pamadzi, ndipo nyengo yozizira madzi akaundana padoko, sitima zinkaima kaye.

M'makalatamo, ndale ndi matenda zinkayendera limodzi. Mayi Abigail ankafotokozera mwana wawo za mkangano wa America ndi Britain, uku akumuuzanso amene wagona pakhomo.

Mu 1811, Nabby, mlongo wake wa John Quincy, anali ndi chotupa m'bere. Analembera Benjamin Rush, dokotala wa ku Philadelphia yemwenso anali mnzawo wa bambo ake. Rush anayankha kudzera kwa bambowo kuti opaleshoni ichitike msanga. Mu Okutobala chaka chomwecho, Dr John Warren anachotsa berelo m'nyumba ya makolo, wodwala ali maso. Mankhwala ogonetsa anadzayamba kugwiritsidwa ntchito poyera mu 1846.

Chaka chotsatira zinthu zinafika pothina. Mu Juni 1812 America inayamba nkhondo ndi Britain, ndipo makalata anayamba kuchedwa kwambiri. Mu Seputembala, mwezi umene Napoleon analowa mu Moscow, John Quincy ndi mkazi wake Louisa anataya mwana wawo wamkazi wa chaka chimodzi. Agogo ake sanamunyamuleko ngakhale kamodzi.

Khansa ya Nabby inabwereranso, ndipo anamwalira mu Ogasiti 1813 ali ndi zaka 48. John Quincy anamva patatha miyezi, maliro atayikidwa kalekale. Pa 24 Disembala 1814, anali m'gulu losainira pangano la ku Ghent lothetsa nkhondoyo. Kwawo anabwerera mu 1817, ndipo mayi ake anamwalira mu 1818.

Makalatawa akusungidwa ku Massachusetts Historical Society, ndipo ambiri mutha kuwawerenga pa intaneti. Malangizo a Rush aja sanakalambe: chotupa cha m'bere sichidikira. Mukachiona, uzani achibale lero, n'kupita kuchipatala.