Macheka a makina: sankhani tsamba ndi mota mosamala

Mgodi wa Trojan ku Bindura utaimitsa ntchito mu 2008, mabanja ambiri, kuphatikizapo a zidzukulu za Amalawi amene adabwera kudzakumba miyala, adaona kuti mgodi wokha sungadaliridwe. Ukalipentala ndi imodzi mwa ntchito zothandiza, koma gulu likagula macheka a makina, aja a tsamba lozungulira ngati lamba, phindu limagona pa zinthu ziwiri: tsamba ndi mota.

Mano a tsamba amawerengedwa pa inchi imodzi. Lamulo lake ndi lakuti mano osachepera atatu azikhala m'chinthu chimene mukudula. Thabwa lochindikala la mlombwa kapena bulugamu limafuna mano 3 kapena 4 kuti utuchi uzituluka. Mano akachuluka utuchi umatsekeka, tsamba limatentha ndi kubuntha msanga. Matabwa opyapyala a paini amadulika bwino ndi mano 6, pamene chitsulo chimafuna 14 kapena kuposa.

M'lifupi namo ndi mofunika. Tsamba la mamilimita 6 ndi lokhotetsera, monga pa miyendo ya mipando. La mamilimita 12 mpaka 19 ndi loongolera. Matabwa akale ayambe azulidwa misomali, chifukwa msomali umodzi umatha kuononga tsamba lonse.

Pa mota, yambani mwawerenga kachitsulo kolembedwa pambali pake. Magetsi a ZESA a m'nyumba ndi a 220 mpaka 240V, 50Hz. Mota zambiri zakale zochokera ku migodi ndi za 3-phase, ndipo sizingayende ndi magetsi a m'nyumba ngakhale zitatchipa bwanji. Macheka a mawilo a mainchi 14 amakwanira ndi mota ya 0.75 mpaka 1.1kW yozungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi.

Mota imakoka magetsi ambiri polizidwa, choncho jenereta ikhale yoposa mphamvu ya motayo kawiri kapena katatu. Dziwaninso kuti liwiro lodulira matabwa, pafupifupi mamita 900 pa mphindi, limapsereza tsamba pa chitsulo, chimene chimafuna pafupifupi mamita 30 okha.

Alangizi athandize magulu kuyeza utali wa tsamba ndi kufufuza kumene amalumikiza masamba oduka asanatulutse ndalama. Madzulo alionse tsamba likhwefulidwe, ndipo wophunzira asayatse makina chotchingira chili chotsegula.