Bangwe, Banjo ndi Bandi

Boma la Kasungu lili m'chigawo chapakati cha dziko la Malawi. Malo ake ambiri ndi athyathyathya, ndipo munthu akaima pamwamba pa phiri la Kasungu nthawi ya dzinja amaona minda ya fodya ndi chimanga mpaka pomwe maso alekezera. Ntchito ya fodya ndi yowawa. Mlimi amafesa mbewu ku nazale mvula isanagwe, kenaka amawokera, amapalira, amathyola, amasoka ndi kuyanika masamba m'chigafa. Fodya akauma, mlimiyo amasankha masamba, nadinda mabelo opita nawo ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo.

Anthu ogwira ntchito yolemetsa chotere amakonda nyimbo. Amazifuna madzulo pamene akupumula, ndipo amazifunanso pa tsiku lachisangalalo fodya akagulidwa. Nyimbo zimene amamva zimawafika m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya munthu woyimba yekha, amene choyimbira chake sichilira magetsi. Njira yachiwiri ndi ya bandi, gulu la oyimba lokhala ndi magitala amagetsi ndi zokuzira mawu. Anthu amasiyana maganizo pa njira ziwirizi. Ena amakonda iyi, ena iyo, ndipo mbali iliyonse ili ndi zifukwa zake.

Woyimba yekha

Kuyimba kwa munthu mmodzi kudayamba kalekale. Makolo adali ndi bangwe, choyimbira chopangidwa ndi thabwa lopyapyala. Pathabwapo amakungapo chingwe chachitali mobwerezabwereza, kupita uku ndi kubwerera uku, mpaka chipange nsambo zingapo. Nsonga ya thabwalo amailowetsa m'chikho kapena m'chitini kuti mawu azimveka bwino. Adalinso ndi kaligo, wa nsambo imodzi yokha, amene amamuyimba pomukwecha ndi kauta kakang'ono. M'zaka za 1950 ndi 1958, katswiri wina wa nyimbo, Hugh Tracey, adayenda m'dziko lino najambula nyimbo zambiri zotere, zina mwa izo m'chigawo chapakati. Nyimbozo zikusungidwa ku South Africa.

Banjo ndi gitala zidafala pambuyo pake. Zidabwera ndi asilikali obwerera ku nkhondo yaikulu yachiwiri, imene idatha m'chaka cha 1945, ndiponso ndi anthu amene adakagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Popeza zogula m'sitolo zidali zodula, anyamata a m'midzi adaphunzira kudzipangira okha. Adatenga chigubu cha mafuta kapena mtengo wogoba, chikopa cha mbuzi, ndi mawaya a mabuleki a njinga, banjo nkutheka.

Kodi choyimbira chotere chimatulutsa bwanji mawu popanda magetsi? Chala chikakhudza nsambo, nsamboyo imanjenjemera. Kunjenjemerako kumalowa m'chikopa kapena m'bokosi la gitala, ndipo mpweya wa m'katimo umanjenjemeranso. Motero mawu aang'ono a nsambo amakula mpaka kumveka pabwalo lonse la nyumba. Nsambo yonenepa kapena yaitali imalira mawu aakulu. Nsambo yowonda, yaifupi kapena yokungika kwambiri imalira mawu aang'ono okwera.

Dziko la Malawi lakhala ndi akatswiri a kuyimba kotere. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene adabadwa m'chaka cha 1947 namwalira mu 1987, ankayimba gitala ndi zala ziwiri. Chala chachikulu chinkayimba nsambo za mawu aakulu, chala cha mkombaphala chikuyimba nsambo za mawu aang'ono, kotero kuti womvera pa wailesi ankayesa kuti oyimba alipo awiri. Michael Mukhito Phiri adatchuka ndi dzina loti Michael Yekha chifukwa chakuti ankayimba payekha. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene adali wosaona, ankayimba banjo pothandizidwa ndi anzake owerengeka a ng'oma ndi zisekese, popanda magetsi konse. Iye adamwalira m'chaka cha 1995. Matenanti ambiri a m'minda ya fodya ya ku Kasungu adachokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo kwa iwo nyimbo za Namoko zidali mawu a kumudzi.

Okonda woyimba yekha amati ubwino wake waukulu ndi wakuti mawu a nyimbo amamveka onse. Nyimbo zotere kawirikawiri zimasimba nkhani: za ana amasiye, za ukwati, za ulendo, za ngongole kapena za munthu waulesi. Womvera amakhala pafupi, amaona zala za woyimba, ndipo akafuna amavomera nyimboyo. Woyimbayo akalakwitsa alibe pobisala, choncho luso lake limaonekera poyera. Ubwino wina ndi wakuti safuna zambiri. Amakoleka banjo paphewa, nakwera njinga kupita ku msika wa Chamama kapena wa Santhe. Anthu osonkhezera moto usiku m'nyumba zowotchera fodya angathe kumumvera pomwepo, ngakhale kulibe nyali.

Komabe woyimba yekha ali ndi malire ake. Mawu a banjo sapita patali. Pamsonkhano wa anthu ambiri, okhala kumbuyo samva kanthu, ndipo woyimbayo akayesa kukuwa, mawu ake amasasa msanga.

Bandi

Kuyimba pagulu nakonso si kwachilendo ku Kasungu. Gule wa mganda ali ndi ng'oma zake ndi malipenga a zikho, ndipo chimtali chili ndi oyimba ng'oma, otsogolera nyimbo ndi ovomera. Chatsopano chimene bandi idabweretsa ndi magetsi. Wailesi ya MBC itayamba m'chaka cha 1964, anthu a m'midzi adayamba kumva kawirikawiri magulu oyimba ndi zipangizo zamagetsi. Padadza MBC Band, Kalimba ndi Makasu. M'chaka cha 1978 ku Balaka kudabadwa Alleluya Band, m'mene mudachokera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda. Pambuyo pake ku Chileka kudatuluka gulu la Black Missionaries.

M'bandi aliyense ali ndi ntchito yake. Wa ng'oma amasunga mayendedwe a nyimbo. Wa gitala ya besi amayala mawu aakulu apansi. Wa gitala yotsogolera ndi wa kiyibodi amakometsera pamwamba, ndipo oyimba pakamwa amagawana mawu. Wina akafulumira kapena kuchedwa, nyimbo yonse imasokonekera. Nchifukwa chake a bandi amakonzekera pamodzi masiku ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Gitala yamagetsi ilibe bokosi lamphako lokuzira mawu. M'malo mwake, pansi pa nsambo zake pali kachipangizo kokhala ndi maginito. Nsambo ikanjenjemera, kachipangizoko kamasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu yochepa ya magetsi. Mphamvuyo imayenda m'waya kupita ku ampulifaya, makina amene amaikulitsa, kenaka imafika ku masipika amene amatulutsa mawu amphamvu. Maikolofoni imachita chimodzimodzi ndi mawu a munthu. Kiyibodi nayo ingathe kutsanzira kulira kwa lipenga, kwa chitoliro ngakhale kwa ng'oma.

Okonda bandi amati nyimbo zake zimadzaza bwalo ndi kudzutsa miyendo. Pa ukwati, pa msonkhano waukulu wa mpingo, kapena pamene bandi yabwera pa boma nyengo yogulitsa fodya, anthu mazanamazana amamva ndi kuvina pamodzi. Bandi imapatsanso ntchito anthu ambiri: oyimba, oyendetsa galimoto ndi okonza zipangizo.

Mavuto a bandi nawonso alipo. Zipangizo zake ndi zodula, ndipo zambiri zimachokera kunja kwa dziko lino. Pozinyamula pamafunika galimoto. Kumene kulibe magetsi pamafunika jenereta ndi mafuta, ndipo magetsi akazima gitala yamagetsi imangonong'ona. Pamenepo akuluakulu amakumbuka mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Banjo imene ili m'manja imayimba nthawi iliyonse. Vuto lina ndi phokoso. Masipika akakwezedwa mopitirira muyeso, mawu a nyimbo samveka, ndipo munthu woima pafupi nawo nthawi yaitali angathe kuwononga makutu ake.

Pamene njira ziwirizi zikumana

Njira ziwirizi zingathe kuthandizana. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene adabadwa m'chaka cha 1930, adayimba ndi gitala yake yopanda magetsi kwa zaka zambirimbiri. M'chaka cha 2020, woyimba wachinyamata Patience Namadingo adajambula naye nyimbo zake zakale pogwiritsa ntchito zipangizo zamakono. Imodzi mwa nyimbozo, Linny Hoo, idamvedwa ndi anthu mamiliyoni ambiri pa intaneti m'maiko akutali. Zipangizo zidaifikitsa patali, koma nyimboyo idali itapekedwa kale ndi munthu mmodzi ndi gitala yake.

Chitsanzo china ndi Madalitso Band, gulu la anthu awiri amene adayamba kuyimba m'misewu ya mu Lilongwe. Mmodzi amayimba gitala uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Mnzake amayimba babatoni, choyimbira chachitali cha nsambo imodzi, chokhala ndi ng'oma ya chikopa kumunsi. M'chaka cha 2017 adakayimba ku Zanzibar, ndipo pambuyo pake adafika ku Ulaya. Pamaso pa chinamtindi cha anthu, zoyimbira zawo zopanga pamanja amaziikira maikolofoni kuti onse amve.

Tsono womvera wanzeru sayesa nyimbo ndi kukula kwa phokoso lake. Amatchera khutu kuti amve ngati mawu ali ndi phunziro, ngati nsambo zakungidwa bwino, ndiponso ngati oyimba akuyendera limodzi. Magetsi amakuza chimene apatsidwa. Akapatsidwa nyimbo yokoma amaikuza, ndipo akapatsidwa yosalongosoka amaikuzanso.

Chodetsa nkhawa nchakuti oyimba bangwe ndi kaligo atsala ochepa. Gitala yamagetsi ikathyoka, ina igulidwa m'sitolo. Koma nkhalamba yodziwa bangwe ikamwalira isanaphunzitse mwana, nyimbo zake zimapita nayo kumanda. Mwana amene ali ndi agogo odziwa choyimbira chotere achita bwino kukhala nawo pafupi madzulo, kuona m'mene amakungira nsambo, ndi kupempha kuti ayeseko.

Mafunso

1. Tchulani ntchito zinayi zimene mlimi wa fodya amagwira.
2. Kodi bangwe amapangidwa bwanji?
3. Nchifukwa chiyani anthu ankayesa kuti Daniel Kachamba akuyimba ndi mnzake?
4. Fotokozani ulendo wa mawu kuchokera pa nsambo ya gitala yamagetsi kukafika ku masipika.
5. Perekani ubwino umodzi ndi vuto limodzi la woyimba yekha, ndiponso la bandi.
6. Kodi mwambi woti "mutu umodzi susenza denga" ukugwirizana bwanji ndi ntchito ya bandi?

Ntchito

Funsani akuluakulu a kwanu mayina a zoyimbira zimene ankayimba ali ana. Jambulani chimodzi m'kope lanu, ndipo lembani zinthu zofunika pochipanga.