Basi Ikamalira pa Chiweta, Musamukalipire Dalaivala

Ntchito yanga ndi yokonza mabuleki a mabasi akuluakulu, ndipo pali dandaulo limodzi la apaulendo limene limandiwawa mumtima. Basi ikamatsika Chiweta, pa msewu wa M1 kuchoka ku Mzuzu kulowera ku Karonga, injini ikulira kwambiri koma basiyo ikungokwawa, anthu amayamba kung'ung'udza: "Adalaivala, kodi tifika lero?" Abale anga, ameneyo ndiye dalaivala wodziwa ntchito.

Basi yodzaza anthu ndi katundu imatha kulemera matani 18 kapena kuposa. Kuti chinthu cholemera chonchi chiime, mphamvu ya liwiro lake iyenera kupita kwinakwake, ndipo imasanduka kutentha. Kuseri kwa tayala kuli chitsulo chozungulira chimene timati drum. Dalaivala akaponda buleki, mpweya umakankha malaining'i kuti akhudze chitsulocho. Pamalo athyathyathya palibe vuto, chitsulo chimatentha n'kuzizira. Koma pamtsetse wautali wa makona okhaokha, phazi likakhala pa buleki osachoka, drum imafufuma ndi moto n'kutalikirana ndi malaining'i, nawo malaining'i amasalala n'kuyamba kuterereka. Dalaivala akuponda, mpweya ulipo, koma basi siikumva. Ndamasulapo ma drum otere: chitsulo chitasanduka chobiriwira ndi moto, chili ming'alu yokhayokha ngati dothi la padambo mu Okutobala, malaining'i akunyenyeka m'manja.

N'chifukwa chake dalaivala wabwino amaika giya yaing'ono akadali pamwamba, mtsetse usanayambe, kuti injini ndiyo igwire basi. Amathandizira ndi exhaust brake, kapena retarder ngati basiyo ili nayo, ndipo buleki ya phazi amangoiponda mwa apo ndi apo. Phokoso limene limakutopetsani lija ndi injini ikugwira ntchito imene ikanawotcha mabuleki.

Imene ine ndimaiopa ndi basi yotsika mwakachetechete. Alipo madalaivala amene amachotsa giya pamtsetse kuti apulumutse dizilo. Apo injini imatsika mphamvu, kompuresa imene imadzaza mpweya m'mathanki nayo imafooka, pomwe kuponda kulikonse kukudya mpweya. Geji ya mpweya imene imafunika kukhala cha pa 8 bar imayamba kugwa. N'zoona kuti mpweya ukatheratu pali masipuling'i amene amamanga okha matayala akumbuyo, koma amakankha malaining'i omwe aja, ndipo ngati apsa kale sagwira kanthu. Kubwezeretsa giya basi itathamanga kale n'kovuta zedi.

Inu wapaulendo muli ndi makutu ndi mphuno. M'mawa pa depoti, kaya pa Wenela kaya ku Lilongwe, dalaivala akaliza injini n'kukhala osanyamuka, nthawi zambiri akudikira mpweya udzaze, musamufulumizitse. Kabelu kochenjeza kakamalira kutsogolo osasiya basi ikuyenda, funsani. Mukamva fungo la chinthu chopserera pamtsetse, uzani kondakitala mokweza kuti basi iime pamalo abwino mabuleki azizire, ndipo pasapezeke wothira madzi pa drum yotentha, imang'aluka. Izi n'chimodzimodzi potsika ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kapena pa Golomoti.

Pepala la COF lomatidwa pagalasi limangonena za tsiku limene basi inayesedwa. Malaining'i amatha tsiku lililonse, makamaka basi ikamanyamula matumba opyola muyezo.

Mawu anga olemera ndikuwapereka kwa eni mabasi. Mukamupimira dalaivala dizilo wongokwanira ndendende, kapena kumudula malipiro akapyoza, ndinu amene mukumuphunzitsa kuchotsa giya pamtsetse. Ndipo makaniko akakuuzani kuti basi igone pagalaja lero kuti asinthe malaining'i, musamuyankhe kuti ipite ulendo umodzi wokha idzakonzedwa pobwera. Ulendo umodziwo umadutsa pa Chiweta kawiri, ndipo kumodzi n'kotsika.