Chizindikiro cha Malonda Sichiwoloka Malire Chokha

Malume anga amapera chiponde ku Nsaru. Pa botolo lililonse amamatapo kapepala ka dzina la malonda awo ndi chithunzi cha nkhokwe, ndipo makasitomala ambiri amangoyang'ana nkhokweyo osawerenga n'komwe dzina. Malonda atayamba kuyenda, adaganiza zokagulitsanso ku Chipata, poti ukafika pa Namitete msewu wa M12 umangolunjika ku Mchinji mpaka pachipata cha Mwami. Nditawafunsa ngati dzinalo n'lotetezedwa ku Zambia, adati, "Mphwanga, si ndidalembetsa kale kuboma? Angandibere ndani?" Yankho la funso lawoli ndilo ndikufuna kufotokoza.

Chizindikiro cha malonda ndi dzina, mawu kapena chithunzi chimene chimasiyanitsa katundu wa munthu ndi wa anzake. Lamulo la dziko lino la 2018 limateteza chizindikiro cholembetsedwa kwa zaka 10, ndipo zikatha mwini wake amatha kulembetsanso. Koma mphamvu ya lamuloli imathera pamalire. Ngakhale timamvana chinenero ndi anthu a ku Chipata, ndipo timakakumana nawo ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, iwo ali ndi malamulo awoawo. Munthu wina atayamba ndiye kulembetsa nkhokweyo kumeneko, malume akhoza kuletsedwa kugulitsa chiponde chawo chomwe, n'kumaoneka ngati akuba ndi iwo.

Njira yoyamba yodzitetezera ndi kukalembetsa ku bungwe la PACRA ku Lusaka, utafufuza kaye ngati palibe wina amene ali ndi chizindikiro chofanana. Yachiwiri ndi pangano la Madrid, limene Zambia idalowamo mu 2001 ndipo Malawi pa 25 December 2018. Umalemba pempho limodzi kudzera ku ofesi ya kuno, lipite ku bungwe la WIPO ku Geneva, utatchula mayiko amene ukufuna. Wofuna msika wa ku Tete kapena ku Zimbabwe angadzerenso ku ARIPO ku Harare, potsatira pangano la Banjul la 1993, limene Mozambique idalowamo mu 2020.

Nthawi nayo ndi yofunika. Pangano la Paris la 1883 limapatsa munthu miyezi 6 kuchokera tsiku limene adapereka pempho kwawo. Akapempha m'dziko lina miyeziyi isanathe, amamuwerengera tsiku loyamba lija, motero amaposa aliyense amene adabwera pakatipo.

Nditaiona setifiketi ya malume, ndidapeza kuti adalembetsa dzina la bizinesi chabe, osati chizindikiro. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, choncho nkhokwe yawo idalibe setifiketi ngakhale kuno kwathu. Ndidawakumbutsa mawu a akuluakulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Ulendo wa ku Chipata adayamba auimika kaye, ndipo ndalama yolembetsera adaichotsa pa imene adasungira mtedza wa chaka chimenecho.